Kuchezera Hatchi Yomwe Yatsala Pang'ono Kubereka: Malangizo kwa Amene Mwangoyamba Ntchito pa Famu ya Mahatchi

Ambirife tinakula ndi mbuzi, ng'ombe ndi nkhuku. Hatchi tinkangoimva, kupatula amene anafikako pa phiri la Zomba kapena ku Kande komwe alendo amakwera. Koma kuno ku Joni abale athu ambiri akupeza ntchito m'makola a mahatchi, ndipo ena, monga ine, tili m'mafamu ang'onoang'ono oweta mahatchi a mpikisano ku Midlands m'chigawo cha KwaZulu-Natal, cha ku Mooi River ndi Nottingham Road. Pa famu yaing'ono antchito amakhala ochepa, ndiye nyengo yobereka ikafika ngakhale amene wangolembedwa dzulo amapatsidwa tochi kuti achezere. Malangizowa ndikulembera inu amene tochiyo yakupezani.

Nyengoyi imayamba mu Ogasiti n'kufika mu Novembala. Mahatchi a mtundu wa Thoroughbred kuno onse amawerengedwa kuti awonjezera chaka pa 1 Ogasiti, kaya anabadwa mwezi wanji. N'chifukwa chake eni famu amafuna ana abadwe tsikuli litangodutsa, kuti pofika nthawi ya mpikisano akhale okhwima kuposa anzawo obadwa mochedwa. Kwa inu ndi ine zikutanthauza kuchezera m'nyengo yomwe chisanu chochokera ku mapiri a Drakensberg chimaumitsa madzi m'ndowa.

Musanawerenge zina zonse, chotsani m'mutu zomwe mumadziwa za ng'ombe. Ng'ombe imatha kuvutika maola angapo mwana n'kutuluka wamoyo. Hatchi ayi. Ikangoyamba kutchima, zonse zimatha m'mphindi 20 kapena 30, ndipo zikapitirira pamenepo moyo wa mwana uli pa chiswe.

Choyamba: dziwani tsiku, konzani malo

Bere la hatchi limatenga masiku pafupifupi 340, koma kuyambira 320 mpaka 360 sizachilendo. Funsani tsiku lomaliza lomwe hatchi iliyonse inakweredwa, muwerengere, mulembe pa chitseko cha khola lake. Funsaninso kuti chaka chatha inatenga masiku angati, chifukwa mahatchi ambiri amabwereza khalidwe lawo.

Kutatsala masabata 4 mpaka 6, hatchi isamutsidwire komwe idzaberekere. Thupi lake limafunika nthawi kuti lizolowere tizilombo ta pamalopo n'kupanga chitetezo chomwe mwana adzachipeze mu mkaka. Ndi nthawi yomweyinso yomwe a vetenale amabaya katemera wa kafumbata. Pali chinthu china chomwe munthu watsopano sangachiganizire: mahatchi ena aakazi amakhala osokedwa kumtunda kwa njira yoberekera, kusoka komwe amakutcha Caslick, pofuna kuti mpweya ndi zonyansa zisamalowe. Kwezani mchira muone. Ngati ndi yosokedwa, kumbutsani abwana kuti a vetenale adzatsegule kutatsala masabata awiri kapena kuposerapo. Ikabereka ili chisokedwere imang'ambika koopsa.

Khola loberekera likhale lalikulu, osachepera mamita 4 mbali zonse. Kwechani makoma ndi pansi ndi mankhwala ophera tizilombo, paume, kenako yalani mapesi a tirigu ochindikala mpaka m'mbali mwa makoma. Utuchi musayale. Umamatirira pa mwana wonyowa, umalowa m'mphuno ndi pa mchombo. Yendetsani dzanja m'makoma monse kufufuza msomali kapena waya wotulukira.

Chachiwiri: zipangizo zikhale pamodzi

Pezani bokosi limodzi lokhala ndi chivundikiro, likhale pakhomo pa khola ndipo wina asabwereke kanthu m'menemo. Muikemo sizasi yakuthwa yoyera, magolovesi aatali ofika paphewa, mafuta oterera omwe a vetenale amagwiritsa ntchito, bandeji ya kumchira, mathaulo atatu kapena anayi, chingwe chomangira mabelo a udzu, thamometa, mankhwala a pamchombo a chlorhexidine, enema ya mwana (mankhwala othira kumbuyo kuti ndowe ituluke), ndowa yoyera, kope ndi cholembera. Tochi zikhale ziwiri, imodzi ya pamutu, chifukwa magetsi amathima. Foni ikhale yodzadza moto ndi mayunitsi, ndipo nambala ya a vetenale ndi ya abwana muzilembenso pakhoma ndi choko.

Chachitatu: yang'anani mawere m'mawa ndi madzulo

Mawere amayamba kukula kutatsala mwezi kapena kuposerako. Poyamba amatupa usiku, masana hatchi ikayendayenda amaphwa. Akasiya kuphwa, dziwani kuti masiku achepa. Kenako nsonga za mawere zimadzadza, ndipo kumapeto kwake kumaoneka timadontho touma tonga phula. Phulalo likaoneka, kawirikawiri kwatsala tsiku limodzi kapena awiri. Gwiraninso minofu ya mbali zonse za tsinde la mchira: imafewa n'kulowa m'kati, ndipo mchira mukaukweza sulimbanso.

Zizindikirozi musazikhulupirire kotheratu. Hatchi ya bere loyamba imatha kubereka popanda phula ngakhale pang'ono. Ina imadontha mkaka masiku atatu isanabereke, ndipo imeneyo muwauze abwana tsiku lomwelo, chifukwa womwe ukutayikawo ndi mkaka woyamba, uja kwathu timati chithuwi, womwe mwana sangakhale bwino popanda iwo. Mawere akakula kutatsala miyezi iwiri, kapena kumbuyo kukamatuluka zamafinya, nsengwa ikhoza kukhala ndi matenda. Zimenezo n'za a vetenale, osati zodikira.

Chachinayi: usiku wochezera

Mahatchi ambiri amabereka usiku, kukakhala zii. Ndi nyama yomwe mwachibadwa imaopa zilombo, ndipo ikamaona munthu akungolowa ndi kutuluka imatha kudikira mpaka mutachoka. Choncho khalani panja pa khola, pomwe mukuiona koma iyo isakusamalani. Osayatsa wailesi, osaimba foni pamenepo, osaiunika kumaso. Suzumirani mphindi 15 kapena 20 zilizonse. Ngati famu ili ndi kamera, ndi bwino, koma kamera simva fungo la thukuta ndipo simathandiza munthu amene wagona. Valani zofunda zokwanira, tiyi akhale m'fulasiki, ndipo ngati tulo takulakani dzutsani mnzanu mosabisa. Palibe manyazi pamenepo.

Matenda a kubereka akayamba, hatchi imasowa mtendere. Imazungulira, imapalasa pansi, imayang'ana m'nthiti mwake, imagona n'kudzuka, imakodza pang'onopang'ono, ndipo imatuluka thukuta m'khosi ndi m'mapewa ngakhale kukuzizira. Izi zimatha ola limodzi mpaka maola anayi. Lowani kamodzi mwakachetechete, mangani mchira ndi bandeji osathinitsa, tsukani kumbuyo ndi mawere ndi madzi ofunda, chotsani ndowe, tulukani. Imbirani abwana tsopano, pamene mukadali ndi mpata wolankhula bwinobwino.

Pa nkhani ya foniyi ndiimepo pang'ono. Ife a ku Malawi tinaleredwa kuti munthu wamkulu sadzutsidwa pakati pa usiku, ndipo pa ntchito ya kuchilendo timaopa kuoneka ngati osadziwa kanthu. Ulemu umenewu m'khola la hatchi umapha. Chaka changa choyamba ndinaona mwendo umodzi wokha utatuluka, ndinadikira mphindi zingapo ndikuganiza kuti mwina winawo ubwera, ndisawavutitse abwana pachabe. Mwana uja anapulumuka chifukwa a vetenale anali pa famu yoyandikana nafe, koma mphindi zimenezo zimandiwawabe mumtima. Abwana akakwiya chifukwa mwawadzutsa pachabe, mkwiyowo sufika masana.

Chachisanu: nsupa ikasweka

Mudzamva madzi ambiri akukhuthuka, ochuluka kuposa mkodzo. Yang'anani wotchi nthawi yomweyo, lembani. Kuyambira apa chilichonse chikuyenda ndi mphindi.

Pasanathe mphindi 5 kapena 10, panjira payenera kuoneka thumba loyera motuwira, lowala ngati pulasitiki yonyowa. M'kati mwake muona chiboda chimodzi, kenako chinzake chikutsatira kumbuyo pang'ono, kenako mphuno itagona pamwamba pa miyendo. Mapazi a ziboda ayang'ane pansi. Mwendo umodzi kutsogolako ndi mmene ziyenera kukhalira, chifukwa mapewa amadutsa limodzi limodzi. Mukaona zimenezi bwererani pakona, khalani pansi, manja anu akhale kwa inu. Hatchi imagona cham'mbali n'kumatchima mwamphamvu, nthawi zina imadzuka n'kugonanso. Isiyeni. Chokhacho onetsetsani kuti kumbuyo kwake sikunatsamire khoma; ngati kwatsamira, idzutseni isinthe malo.

Tsopano zinthu zomwe sizilola kudikira.

Ngati m'malo mwa thumba loyera patuluka chinthu chofiira, chokhuthala, chokhakhala ngati nsalu ya veleveti, imeneyo ndi nsengwa yomwe yasiyana ndi chiberekero nthawi isanakwane. Azungu amati red bag, ndipo mawuwa muwadziwe kuti mukawatchula pa foni aliyense adumphe. Mwana amapuma kudzera mu nsengwa, ndiye ikalekana ndi make ndiye kuti akubanika. Apa simudikira a vetenale kapena abwana. Tengani sizasi, boolani chofiiracho mosamala, ng'ambani ndi manja, pezani miyendo, thandizani mwana atuluke msanga. Mnzanu ndiye aziimba foni.

Ngati mphindi 10 zadutsa nsupa itasweka koma palibe chaoneka, kapena kwaoneka mwendo umodzi, kapena miyendo popanda mphuno, kapena mphuno popanda miyendo, kapena mapazi a ziboda ayang'ana kumwamba, imbani foni pompo. Podikira, idzutseni hatchiyo muziiyendetsa pang'onopang'ono. Ikamayenda imachepetsa kutchima, ndipo mwana amabwerera m'kati pang'ono, zomwe zimapatsa a vetenale malo okonzera mwendo wopindika. Mukamalankhula nawo nenani zinthu zitatu zokha: nsupa yasweka nthawi yanji, mukuona chiyani, hatchi ili chiimire kapena chigonere.

Ngati zonse zili m'malo mwake koma hatchi yatopa ndipo mwana sakusuntha, mukhoza kuthandiza. Valani magolovesi, gwirani miyendo yonse iwiri pamwamba pa mfundo ya chiboda, umodzi ukhalebe patsogolo monga unalili. Kokani pokhapokha pamene hatchi ikutchima, ikapuma inunso pumani. Mapewa akadutsa, kokerani chotsitsa cha ku miyendo ya make. Mphamvu za anthu awiri ndiye malire. Zingwe zomangirira ku mtengo kapena ku thirakitala, zija ena amachita ndi ng'ombe, zimathyola nthiti za mwana ndi kung'amba make.

Chachisanu ndi chimodzi: mwana watuluka

Lembani nthawi. Ngati thumba loyera likadaphimba mphuno, ling'ambeni, pukutani mamina ndi thaulo kuchokera m'maso kutsikira kumphuno. Mwana wabwino amapukusa mutu, amapuma, ndipo pasanathe mphindi zisanu amadzuka n'kukhalira chifuwa. Ngati sakupuma, mtikiteni mwamphamvu ndi thaulo m'nthiti, mulowetseni kaudzu m'mphuno kuti ayetsemule, uku foni ikuimbidwa. Ziboda zake mudzaziona zili ndi zofewa ngati nthenga zonyowa; si chilema, zimateteza make m'kati ndipo zimachoka zokha akayamba kuponda.

Akapuma bwino, tulukani. Miyendo yakumbuyo imatha kukhalabe m'kati mwa make kwa kanthawi, ndipo hatchi ikagona choncho mphindi 15 kapena 20 ndi zabwino kwa onse awiri. Chingwe cha mchombo musadule. Chimaduka chokha pamalo pake pofooka, pafupi ndi mimba ya mwana, make akadzuka kapena mwana akamaphiriphitha. Chikaduka, viikani mchombo mu chlorhexidine wosungunula kufika pa 0.5 peresenti, pogwiritsa ntchito kakapu kakang'ono, ndipo bwerezani kangapo pa tsiku kwa masiku atatu. Mchombo ndi khomo lomwe tizilombo timalowera n'kukatupitsa mfundo za miyendo. Ngati ukutuluka magazi, finyani ndi zala zoyera kwa mphindi zingapo.

Nthawi imeneyi ndimaikonda kuposa ina iliyonse pa chaka. Make amatembenuza mutu, amalira motsitsa cha pakhosi, kulira komwe simudzakumva nthawi ina, mwana n'kuyankha. Nthunzi imakwera kuchokera pa matupi awo m'chisanu cha mbandakucha. Musalowerere. Pamenepo ndi pomwe akudziwana fungo, ndipo hatchi ya bere loyamba ikasokonezedwa imatha kumukana mwana.

Chachisanu ndi chiwiri: ola limodzi, maola awiri, maola atatu

Lamulo lomwe aliyense m'mafamu a mahatchi amalidziwa ndi ili: mwana aime pa ola limodzi, ayamwe pa maola awiri, nsengwa igwe pasanathe maola atatu.

Poyesa kuima adzagwa kambirimbiri. Musamunyamule, mapesi aja munayala ndiwo ntchito yake. Kuyamwa ndiye kofunika kuonetsetsa ndi maso anu. Mwana amatha kulowetsa mutu pansi pa make n'kumayamwa ntchafu kapena mpweya, inu muli pakhomo n'kumati wayamwa. Gwadani, unikani ndi tochi, muone nsonga ya bere ili m'kamwa ndipo pakhosi pakumeza. Mwana wa hatchi amabadwa wopanda chitetezo cha matenda m'magazi mwake. Chonse amachitenga mu chithuwi, ndipo matumbo ake amachilandira bwino m'maola oyambirira okha. Pofika maola 12 mpata wachepa kwambiri, pa maola 24 watsekeka. Ngati make akukana chifukwa mawere akumupweteka, wina amugwire kumutu, wina akame pang'ono kuti afewe, kenako mulondolere mwana modekha. Kumukankha mutu sikuthandiza, amangolimbana nanu. Maola atatu akakwana asanayamwe, a vetenale abwere adzamumwetse ndi chubu. Musamuthire mkaka m'kamwa ndi botolo ngati sakuyamwa yekha, umalowa m'mapapo.

Yang'aniraninso ndowe yoyamba. Imakhala yakuda, yolimba ngati timiyala, ndipo iyenera kutuluka m'maola ochepa atayamwa. Mwana akamapinda msana, kutchima, kugwedeza mchira osatulutsa kanthu, yamutsekera. Zimachitika kwambiri kwa ana aamuna. Enema imodzi yothira mofatsa imathandiza. Ikakanika musabwereze mwa nokha. Lembaninso nthawi yomwe wakodza koyamba, ndipo muone kuti mkodzo sukudontha pa mchombo.

Chachisanu ndi chitatu: nsengwa

Make akadzuka, nsengwa imalendewera kumbuyo. Ipindeni muimange ndi chingwe cha mabelo kuti isafike pansi n'kupondedwa. Kulemera kwake komweko n'kokwanira kuitsitsa. Musakoke, ndipo musamangirire mwala kapena njerwa. Ng'ombe imatha kukhala ndi nsengwa tsiku lonse n'kuchira, koma kwa hatchi kachidutswa kotsalira kamawola msanga, poizoni wake amalowa m'magazi n'kuyambitsa laminitis, matenda a m'ziboda omwe amatha kuilumalitsa mpaka kuphedwa. Maola atatu akakwana isanagwe, imbani foni ngakhale hatchi ikudya bwinobwino.

Ikagwa, itengereni panja pa simenti, muiyale. Imaoneka ngati chilembo cha F, yokhala ndi nyanga ziwiri. Payenera kukhala bowo limodzi lokha, pomwe mwana anatulukira. Yang'anitsitsani nsonga za nyanga zonse ziwiri, makamaka yaing'ono yopyapyala ija, chifukwa ndi yomwe imakonda kuduka n'kutsalira. Jambulani ndi foni, ikani mu ndowa yovundikira kuti agalu asaipeze, a vetenale adzaione m'mawa.

Make musamuiwale chifukwa chosangalala ndi mwana. Kupotokola pang'ono m'mimba atabereka n'kwachibadwa. Koma akamanjenjemera, thukuta lili kamukamu, usinini utayera, makamaka ngati ndi hatchi yokalamba, mwina mtsempha waphulika m'kati. Musamuyendetse, musamusiyanitse ndi mwana, pakhale bata, a vetenale abwere msanga. Ngati ali bwino, mpatseni madzi osazizira kwambiri, udzu wabwino ndi chakudya chofewa chonyowetsa. Chotsani mapesi onyowa, masulani bandeji ya kumchira.

Chachisanu ndi chinayi: masiku otsatira

Pakati pa maola 12 ndi 24 a vetenale amatenga magazi a mwana kuyeza chitetezo chija, chomwe amachitcha IgG. Chikaposa 800 zili bwino; chikachepera 400 amamuika plasma, madzi a m'magazi okhala ndi chitetezo, kudzera mu mtsempha. Muwakonzere kope lanu la nthawi, nsengwa ija, ndi munthu wogwira mwana. Kagwiridwe kake ndi dzanja limodzi pachifuwa, lina kumbuyo kwa ntchafu. Osamukoka khosi, osamunyamulira pamimba. Ndipo musaime pakati pa iye ndi make, ngakhale hatchiyo mumaidziwa kuti ndi yofatsa.

Ntchito za tsiku ndi tsiku siziima chifukwa mwachezera. M'mawa kudyetsa, kutulutsa mahatchi kubusa, kuchotsa ndowe, kutsuka ndowa, kuyala mapesi atsopano. Madzulo kulowetsa, kudyetsanso, kuyang'ana mawere a omwe sanabereke. Hatchi yoyamwitsa imatha kumwa malita oposa 50 pa tsiku, ndiye ndowa imodzi siikwana. Udzu wa eragrostis kapena teff usasowe, msipu wa lucerne ndi chakudya cha m'matumba muziwonjezera pang'onopang'ono monga abwana anenera. Kukacha bwino, make ndi mwana atuluke okha m'kampanda kakang'ono kwa ola limodzi kapena awiri, ndipo asasakanizidwe ndi ena mpaka mwana atalimba miyendo. Mvula ya mabingu ikayamba mu Okutobala ndi Novembala, muziwalowetsa mitambo ikangoda. M'miyezi yotentha muziwatsekera dzuwa lisanalowe mpaka litakwera, chifukwa timbudzudzu tomwe timafalitsa matenda a mahatchi otchedwa African horse sickness timaluma madzulo ndi m'mamawa.

Mwana muzimuyeza kutentha kawiri pa tsiku sabata yoyamba; kuyenera kukhala pakati pa madigiri 37.2 ndi 38.9. Gwirani mchombo ngati ndi wouma, gwirani mawondo ndi mfundo zonse ngati sizikutentha kapena kutupa, kwezani mlomo muone usinini. Ukaoneka wachikasu m'masiku atatu oyamba, nenani msanga, chifukwa nthawi zina mkaka woyamba wa make umalimbana ndi magazi a mwana. Mwana wathanzi amayamwa kangapo pa ola, amagona, mukalowa amadzambatuka n'kuthawira kuseri kwa make. Yemwe amangogona osakusamalani si wofatsa, akudwala. Njira yachangu yodziwira ndi mawere a make: akakhala olimba, mkaka ukudontha, kapena nkhope ya mwana ili ndi mkaka wouma, ndiye kuti wasiya kuyamwa. Mwana wa hatchi yemwe anali bwino m'mawa amatha kukhala atafookeratu pofika madzulo. Akamatsimphina musaganize kuti make wamuponda; muyambe mwaganiza za tizilombo m'mfundo mpaka a vetenale atanena china.

Pakati pa masiku 7 ndi 10 make amayambanso nyere, ndipo nthawi yomweyo ana ambiri amatsegula m'mimba pang'ono. Ngati akuyamwa, akusewera ndipo thupi silikutentha, mutsukeni kumbuyo ndi madzi ofunda, mupukuteni, mumupake Vaseline kuti ubweya usasupuke. Khola lomwe anaberekera litulutseni mapesi onse, likwecheni, liume tsiku lathunthu. Bokosi lija bwezeranimo magolovesi, mathaulo ochapa ndi enema yatsopano, tchajani tochi zonse ziwiri, kenako pitani mukayang'ane mawere a hatchi yomwe tsiku lake likutsatira pa chitseko.